Makina ali ndi ma core 8 koma ikugwira ntchito ndi imodzi: ndichotse Windows kapena ndidikire seva yatsopano?

Funso

Ndimayang'anira kompyuta ya gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Mulanje. Makalaliki athu, pafupifupi 40, amalowetsa makilogalamu a masamba pa foni ali pa sikelo, ndipo zonse zimafikira pa makina amodzi amene ali mu ofesi: Core i7 yakale, RAM 8 GB, hard disk wamba, Windows 10, nginx yotumiza tsamba ku foni, PHP yoyendetsa pulogalamu yathu, ndi MariaDB, database yosunga zolembedwa zonse. Nyengo ya mvula masamba akachuluka, makamaka kumapeto kwa mwezi tikamawerengera malipiro, tsamba limangozungulira, nthawi zina n'kulemba uthenga wa vuto wakuti 502 Bad Gateway. Chodabwitsa n'choti Task Manager imaonetsa ma core 8 (zigawo za purosesa zogwira ntchito) koma CPU siidutsa 13%. Ndaona pulogalamu ina yatsopano ya seva imene eni ake akuti posachedwapa idzayenda pa OS iliyonse (Windows, Linux ndi zina) ndipo idzagwiritsa ntchito ma core onse. Ndiidikire, ndichotse Windows, kapena ndipemphe ndalama za makina ena?

Yankho

Achimwene, ndalama za makina ena musapemphe, ndipo pulogalamu yolonjezedwayo musaidikire. Nambala ya 13% mwatchulayo yaulula kale pamene pathina. Gawani 100 ndi 8, mupeza 12.5. Ndiye kuti katundu yense wasenzedwa ndi core imodzi, yomwe yadzaza mpaka pakamwa, pamene enawo angokhala. Musanyengedwe mukaona timizere tonse 8 tikugwedezeka pang'ono: Windows imasamutsa ntchito imodzi yomweyo kuchoka pa core iyi kupita pa inayo, koma pa kamphindi kalikonse ikuyenda pamalo amodzi basi.

Dziwaninso kuti Core i7 zakale za pa desiki, monga 4770 kapena 6700, zili ndi ma core enieni 4. Chimene chimawaonetsa ngati 8 ndi Hyper-Threading. Zili ngati kalaliki mmodzi wokhala ndi mabuku awiri: pamene mlimi wina akumasula thumba, iye akulemba za mnzake. Phindu lilipo, koma silifika powirikiza kawiri. Ngakhale zili choncho, ma core 4 ndi ochuluka zedi pa ntchito ya anthu 40.

Core siidzipezera yokha ntchito. Mutaika masikelo 8 pa shedi koma kalaliki ndi mmodzi, mzere wa alimi suyenda msanga ngakhale pang'ono. Pulogalamu iyenera kudzigawa yokha, ndipo njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuyambitsa ma process angapo, iliyonse ndi RAM yakeyake. Imodzi ikafa zinzake zimapitiriza, koma sizionerana zimene zasunga. Yachiwiri ndi ma thread angapo m'kati mwa process imodzi. Amadyera mbale imodzi ya RAM, choncho ndi opepuka, koma wolemba pulogalamu ayenera kuonetsetsa kuti awiri asalembe malo amodzi nthawi imodzi. OS ndiyo imagawira ma process ndi ma thread amenewa ku ma core. Ikapatsidwa process imodzi ya thread imodzi, palibe chimene ingagawe.

Apa ndi pamene nkhani ya OS imalowera, ndipo si ya kukonda kapena kudana ndi kampani. Seva imakhala ndi ma connection ambiri otseguka, ndipo ambiri mwa iwo amangodikira, makamaka a foni za kumudzi kumene netiweki imabwera n'kumapita. Funso ndi lakuti seva idziwa bwanji connection imene yatumiza kanthu. Njira yakale, yotchedwa select, ili ngati kuyenda mzere wonse kufunsa munthu aliyense ngati wakonzeka, kenako n'kuyambiranso. Anthu akakhala 50 zimatheka, akafika masauzande nthawi yonse imathera pofunsa. Dan Kegel analitcha vuto limeneli C10k mu 1999. FreeBSD inaliyankha ndi kqueue mu 2000, Linux ndi epoll, imene inafika kwa anthu ambiri ndi kernel 2.6. M'njira ziwirizi OS yokha imauza seva amene wakonzeka. Windows nayo ili ndi njira yake yabwino, IOCP, koma kapangidwe kake n'kosiyana kotheratu, ndipo ilibe fork, imene mapulogalamu a Unix amagwiritsa ntchito pobala ma process. Ndiye pulogalamu yobadwira pa Unix siingonyamulidwa n'kuikidwa pa Windows. Mbali yake yaikulu imafuna kulembedwa mwatsopano.

Igor Sysoev anatulutsa nginx mu 2004 ataimanga pa kqueue ndi epoll, ndi process imodzi yoyang'anira komanso ma worker angapo. Ya pa Windows ilipo kwa zaka zoposa khumi, koma eni ake amanena poyera m'malangizo awo kuti ikadali ya beta, kuti imadalira select ndi poll, ndiponso kuti ngakhale mutayambitsa ma worker ambiri, imodzi yokha ndiyo imagwira ntchito. Choncho kulemba worker_processes 8 pa makina anuwo sikusintha kanthu.

Komabe sindikuganiza kuti nginx ndi imene ikukuvutitsani. Worker imodzi ya nginx singaleme ndi makalaliki 40. Chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi PHP. Pa Windows kulibe PHP-FPM, pulogalamu yoyang'anira ma process ambiri a PHP, choncho anthu ambiri amayambitsa php-cgi.exe -b 127.0.0.1:9000 n'kuisiya. Imeneyo ndi process imodzi, yotumikira pempho limodzi pa nthawi. Tiyerekeze kuti kusunga kulemera kwa thumba limodzi kumatenga 0.2 ya sekondi. Ndiye mapempho 5 pa sekondi. Makalaliki 40 akadina pamodzi, womaliza adikira masekondi 8, zomwe n'zopiririka. Koma mlembi wa mu ofesi akangotsegula lipoti la malipiro lotenga masekondi 40, aliyense ali pa sikelo ku Limbuli kapena ku Likhubula aima mpaka lipotilo lithe. Iwo poona kuti sizikuyenda amadinanso, mzere n'kumatalika. Za 502 nazo zili ndi chifukwa chake chodziwika: php-cgi inapangidwa kuti izidzitseka ikatumikira mapempho 500, poyembekezera kuti pali china choiyambitsanso. Ngati palibe, nginx imagogoda pa khomo (port) la 9000 osayankhidwa, n'kulemba Bad Gateway. Tsiku wamba mapempho 500 amachedwa kukwana. Tsiku la masamba ambiri amakwana isanafike 10 koloko.

Ngati mwezi ukutha sabata ino, pali chigamba choti muike lero. Musanayambitse php-cgi, ikani PHP_FCGI_MAX_REQUESTS kukhala 0 kuti isamadzitseke. Kenako iyambitseni kanayi, pa 9000, 9001, 9002 ndi 9003. Mu nginx.conf pangani upstream yokhala ndi maadiresi anayiwo, muikemo mzere wa least_conn kuti pempho latsopano lizipita kwa imene ili ndi ntchito yochepa, ndipo fastcgi_pass ilozere ku dzina la upstream imeneyo. Lipoti likagwira process imodzi, zitatu zizitumikirabe a ku sikelo, ndipo muona CPU ikukwera kupitirira 13% uja. Ichi n'chigamba chabe. Palibe chikuyang'anira ma process anayiwo, ndipo imodzi ikafa usiku mudzamva kwa makalaliki m'mawa.

Kukhalabe pa Windows n'kotheka, koma onani mtengo wake. IIS ndi seva yobadwira pa Windows ndipo imagwiritsa ntchito ma core onse bwinobwino, kungoti pa Windows ya pa desiki Microsoft inaiikira malire: mapempho osapitirira 10 pa nthawi imodzi pa Pro. Kuti malirewo achoke pamafunika Windows Server, ya layisensi yodula. Apache pa Windows imayenda ndi process imodzi ya ma thread ambiri, ndipo imatha kudzaza ma core angapo. Caddy, yolembedwa mu Go, imatero payokha pa OS iliyonse, ngakhale PHP idzafunabe ma php-cgi ake kumbuyo. Koma chachikulu n'chakuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo purosesa za m'badwo wa 4770 kapena 6700 sizili pa mndandanda wovomerezeka wa Windows 11. Makina osunga mayina a alimi ndi ndalama zawo, otseguka ku intaneti, asakhale pa OS imene mabowo ake sakutsekedwanso.

Langizo langa ndi Linux ya nthawi yaitali, yopanda desktop. Ubuntu Server 24.04 LTS idzalandira zokonza za chitetezo mpaka 2029. Debian 13, imene inatuluka mu Ogasiti 2025, nayo ndi yabwino ndipo ndi yopepuka. Malangizo akale a pa intaneti otchula CentOS muwadumphe: CentOS 8 inatha kumapeto kwa 2021, CentOS 7 pa 30 Juni 2024, ndipo amene amafuna mtundu umenewo anasamukira ku Rocky Linux kapena AlmaLinux. FreeBSD ndi yolimba kwambiri, moti Netflix imatumizira makanema ake pa maseva a FreeBSD ndi nginx, koma ganizirani za tsiku limene inu mwadwala. Munthu wodziwa Ubuntu mumupeza ku Blantyre, kapena pakati pa ophunzira a ku MUST ku Thyolo kuno pafupi. Wa FreeBSD mudzamufunafuna. Mukaika Ubuntu, lamulo limodzi likubweretserani zonse: apt install nginx php-fpm php-mysql mariadb-server.

Posamuka pali misampha imene imagwira pafupifupi aliyense, ndipo ndi bwino muidziwiretu. Windows siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a mafayilo, Linux imasiyanitsa. Ngati fayilo ndi Header.php koma pulogalamu imaitana header.php, tsamba lituluka loyera. Chimodzimodzi mayina a matebulo mu MariaDB: pa Windows amasungidwa m'zilembo zazing'ono, ndiye query (funso lopita ku database) yolemba Alimi m'malo mwa alimi, imene inkayenda bwino, pa Linux idzati tebulo kulibe. Njira za mafayilo zolembedwa ndi C: ndi mizere yopendekera kumbuyo ziyenera kusinthidwa. Ubuntu 24.04 imabwera ndi PHP 8.3, ndipo pulogalamu yolembedwa kale ikhoza kukana; ngati ikugwiritsabe ntchito mysql_query, imeneyo inachotsedwa kuyambira PHP 7. Kenako nthawi. Lembani timedatectl set-timezone Africa/Blantyre, ndipo mu php.ini ikani date.timezone chimodzimodzi, apo ayi masamba oyezedwa 9 koloko adzalembedwa kuti 7 koloko, chifukwa PHP ikasiyidwa imatsatira UTC, imene ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri.

Za nginx pa Linux sizifuna mawu ambiri. Fayilo imene Ubuntu imaika ili kale ndi worker_processes auto, ndiye nginx iwerenga ma core n'kuyambitsa ma worker 8, ndipo onse agwira ntchito. Ilinso ndi worker_connections 768. Kuchulukitsa ndi 8 tipeza 6,144. Ngakhale tigawe pawiri, popeza pempho lopita ku PHP limadya ma connection awiri, akukwanirani n'kutsala. Mudzawerenga za reuseport, imene imapatsa worker iliyonse khomo lakelake kudzera mu SO_REUSEPORT ya Linux 3.9 kupita m'tsogolo, za worker_cpu_affinity, ndi za aio threads. Zonsezo n'zenizeni, koma ndi za maseva olandira mapempho masauzande ambiri pa sekondi. Inu musazikhudze. Mukadzaona mu error.log mawu oti worker_connections are not enough kapena Too many open files, pamenepo kwezani worker_connections pamodzi ndi worker_rlimit_nofile. Kukweza chimodzi chokha kumangosuntha vuto.

Pofunika kukhalapo nthawi ndi pa PHP-FPM, chifukwa ndi imene idzadzaze ma core anu. Tsegulani /etc/php/8.3/fpm/pool.d/www.conf. Mupeza pm.max_children = 5, kutanthauza kuti mapempho 5 okha ndi amene angayende pamodzi. Anthu ambiri amasamukira ku Linux, osasintha mzere umenewu, n'kumadabwa kuti makina a ma core 8 akuchedwabe. Umboni umakhala mu /var/log/php8.3-fpm.log, mmene mumalembedwa kuti server reached pm.max_children setting. Koma musathamangire kulemba 200. Walira mvula walira matope: process iliyonse imafuna RAM yake, ndipo RAM ikatha makina amayamba kubwereka pa disiki, zomwe zimachedwetsa zinthu kuposa poyamba. Werengani motere. Pa 8 GB, siyirani OS 1 GB, MariaDB 3 GB, zotsala ndi 4 GB. Pamene makalaliki akugwira ntchito, lembani ps -C php-fpm8.3 -o rss= kuti muone makilobayiti amene process iliyonse yadya. Tinene kuti mwapeza 60 MB. Gawani 4,000 ndi 60, mupeza 66. Amenewo ndi malire a RAM, osati nambala yoti mulembe. Ma core enieni ndi 4, ndiye ma process 66 onse akamawerengera pamodzi azingolimbirana malo. Chifukwa chokhalira ndi ma process ochuluka kuposa ma core n'chakuti ena amakhala akudikira database. Yambani ndi 20, pm ikhale dynamic, pm.start_servers 6, pm.min_spare_servers 4, pm.max_spare_servers 10, ndipo pm.max_requests 500 kuti process yotupa izisinthidwa. Pano FPM imaiyambitsanso yokha. Yatsaninso slowlog ndi request_slowlog_timeout = 5s. Kafayilo kameneko kadzakuuzani mzere weniweni wa PHP umene pempho linakakamira. Tsimikizaninso kuti OPcache ndi yoyaka, kuti PHP isamamasulire mafayilo omwewo pa pempho lililonse.

Kwa ena owerenga amene seva yawo ndi yosiyana, mfundo ndi yomweyi. Apache yokhala ndi mod_php imakakamizika kuyenda ndi prefork, pamene connection iliyonse, ngakhale yotenga kachithunzi, imagwira process yonse yolemera. Zimitsani mod_php ndi mpm_prefork kudzera mu a2dismod, yatsani mpm_event ndi proxy_fcgi, PHP ipite ku FPM. Node.js imayendetsa JavaScript yanu pa thread imodzi, ndiye imafuna cluster kapena PM2 kuti pakhale process pa core iliyonse. Python wamba ili ndi GIL, loko wolola thread imodzi yokha kuyenda pa nthawi, choncho imagawidwa ndi ma worker a Gunicorn. Eni ake amalangiza kuyambira pa ma core kuchulukitsa ndi 2 kuphatikizapo 1, ndipo Gunicorn siyenda pa Windows.

Tsopano mbali imene anthu safuna kumva. Ngakhale mutagawa bwino chotani, ma core 8 sapereka liwiro la ka 8. Gene Amdahl anafotokoza chifukwa chake mu 1967: mbali ya ntchito imene singagawidwe ndiyo imaika malire. Masikelo akhale 8, makalaliki 8, koma ngati onse ayenera kukalemba m'buku limodzi lalikulu, mzere umangochoka pa sikelo n'kupita pa buku. Ngati gawo limodzi mwa magawo 4 a ntchito liyenera kuchitika motsatizana, ma core 8 akupatsani liwiro la pafupifupi ka 2.9, ndipo ngakhale mutagula ma core 100 simudutsa ka 4. N'chifukwa chake ndikukuletsani kugula makina musanadziwe kuti buku lanu lalikululo ndi liti.

Kawirikawiri bukulo ndi database. MariaDB imapatsa connection iliyonse thread yake, ndiye makalaliki ambiri amagawikana pa ma core popanda vuto, koma query imodzi imayenda pa core imodzi. Lipoti lanu la malipiro silidzafulumira chifukwa cha ma core. Lidzafulumira chifukwa cha index, mlozera wothandiza database kupeza mizere msanga. Tiyerekeze alimi 2,000, aliyense wobweretsa masamba ka 10 pa mwezi. Imeneyo ndi mizere 20,000 pa mwezi, ndipo pakapita zaka zingapo tebulo lili ndi mizere masauzande mazanamazana. Popanda index pa nambala ya mlimi ndi tsiku, lipoti limawerenga tebulo lonse pofuna za mlimi mmodzi, kenako n'kubwerezanso kwa wotsatira, ka 2,000. Mu /etc/mysql/mariadb.conf.d/50-server.cnf yatsani slow_query_log, long_query_time muitsitse kuchoka pa 10 kufika pa 1, ndipo query iliyonse yogwidwa muiyese ndi EXPLAIN. Mukaona ALL pansi pa type, ikuwerenga tebulo lonse. M'fayilo yomweyo kwezani innodb_buffer_pool_size, imene imabwera ili 128 MB yokha, ifike 2 GB. Onaninso mtundu wa matebulo ndi SHOW TABLE STATUS. Mapulogalamu akale ambiri amagwiritsa ntchito MyISAM, imene imatseka tebulo lonse: pamene lipoti likuwerenga, wofuna kusintha kanthu adikire, ndipo ena onse afole kumbuyo kwake. InnoDB imatseka mzere wokha umene ukusinthidwa, komanso imadzikonza magetsi akathima mwadzidzidzi. Sinthani onse akhale InnoDB.

Palinso kamsampha ka session, zimene seva imasunga zokhudza munthu amene walowa. PHP imatseka fayilo ya session ya munthu mpaka pempho lake lithe. Ngati makalaliki angapo amalowa ndi foni zosiyana, aliyense amakhala ndi session yake, palibe vuto. Koma mlembi amene watsegula lipoti pa tabu imodzi aona tabu yachiwiri itaima, ngakhale ma core ali phee. Mankhwala ake ndi kuitana session_write_close ntchito yaitali isanayambe. Choposa apo, lipoti la malipiro lichoke pa tsamba. Liyendetseni ndi cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, madzulo masikelo atatsekedwa, lisunge zotsatira mu tebulo kapena mu PDF, m'mawa mlembi angotsegula. Likatsalira pa tsamba, nginx imadikira PHP masekondi 60 okha kenako n'kulemba 504.

Ngati pali ndalama yoti muwononge, ipite ku zinthu ziwiri. Choyamba ndi SSD. Hard disk yozungulira imakwanitsa kulemba kapena kuwerenga malo osiyanasiyana pafupifupi ka 100 pa sekondi, SSD wamba kambirimbiri kuposa apo, ndipo InnoDB imadikira disiki itsimikize nthawi iliyonse kalaliki akasunga kulemera. Mudzapeza malangizo oti musinthe innodb_flush_log_at_trx_commit kuchoka pa 1 kuti zifulumire. Kuno kwathu, kumene magetsi amathima osatsanzika ndipo ziphaliwali za m'mphepete mwa phiri sizisowa nyengo ya mvula, musatero. Mukhoza kutaya makilogalamu a sekondi yomaliza, ndipo amenewo ndi ndalama za munthu amene wathyola masamba kuyambira mbandakucha. Chachiwiri ndi UPS, batire losunga makina magetsi akathima, yokhala ndi chingwe cha USB, kuti apcupsd kapena NUT izizimitsa makina mwadongosolo batire lisanathe. Rauta nayo ikhale pa UPS yomweyo.

Musaiwale chingwe cha intaneti cha mu ofesi. Chofunika kwa seva ndi liwiro lotumiza, osati lolandira, ndipo kawirikawiri ndi laling'ono. Pa 5 Mbps mumatumiza 625 KB pa sekondi. Tsamba lolemera 500 KB likafunidwa ndi anthu 40 pamodzi, ndiye 20 MB, masekondi 32, ma core ali chikhalire. Yatsani gzip pa HTML, CSS ndi JavaScript, ikani expires 30d pa mafayilo osasinthasintha kuti foni zizisunga, chepetsani zithunzi. Makalaliki adzakuthokozaninso chifukwa bandulo izichedwa kutha.

Chilichonse mwasintha, yezani, ndipo muzisintha chimodzi pa nthawi. Pa laputopu ina ya mu ofesi ikani apache2-utils, mulembe ab -n 1000 -c 20 ndi adiresi ya tsamba lenileni la PHP lowerenga database, osati tsamba lolandirira alendo. Pa seva tsegulani htop muyang'ane timizere ta pamwamba. Kamodzi kokha kakadzaza, pali china chimene sichinagawidwe, ndipo dzina la process ili pamwamba pa mndandanda likuuzani kuti ndi chiyani. Tonse tikadzaza, ma core akugwira ntchito, chotsala n'kupeputsa pulogalamu. Tonse tikakhala pansi koma tsamba likuchedwa, tsegulani top muone nambala ya wa. Ikakwera, makina akudikira disiki. Pomaliza vmstat 1: pansi pa si ndi so payenera kukhala 0 nthawi zambiri. Manambala akamayenda pamenepo, RAM yatha, tsitsani pm.max_children.

Tibwerere ku pulogalamu yolonjezedwa ija. Sindikunena kuti eni ake akunama. Kungoti ntchito ziwiri zimene alonjezazo, kuyenda pa OS iliyonse ndi kugwiritsa ntchito ma core onse, ndi zina mwa zovuta kwambiri pa seva, ndipo mbiri ikuonetsa kuti zimatenga zaka. Njira ya mpm_event mu Apache inakhala yoyeserera mu 2.2 yonse, n'kudzakhazikika mu 2.4 mu 2012. HAProxy, yolembedwa ndi akatswiri enieni, inalandira ma thread mu 1.8, chaka cha 2017, itakhalapo kale zaka zoposa khumi. Python inayamba kuyesa mtundu wopanda GIL mu 3.13, chaka cha 2024. Chovuta si kuyambitsa ma thread 8, koma zinthu zimene onse amagawana: cache, ma log, ma session a TLS, kawerengedwe ka malire a mapempho. Chilichonse mwa izi chimafuna loko, ndipo loko woikidwa molakwika amachedwetsa seva kapena kuipha mwa apo ndi apo, m'njira yovuta kuifufuza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno; nginx ndi PHP-FPM zilipo lero, zaulere, ndipo zayesedwa pa maseva mamiliyoni.

Mukafuna kuiyeza pulogalamu yotere, mawu oti imayenda pa OS yakuti muwafunse bwino, chifukwa amatanthauza zinthu zitatu zosiyana: kuti imatheka kuimanga pamenepo, kuti imayaka n'kuyankha, kapena kuti eni ake amaiyesa pamenepo nthawi iliyonse akasintha kanthu ndipo amakonza zolakwika zake. Chachitatu chokha ndicho chingasenze malipiro a alimi. Fufuzani ngati pa Linux imagwiritsa ntchito epoll ndipo pa Windows IOCP, kapena ikungodalira select paliponse. Onani ngati imapezeka kudzera mu apt, kuti zokonza za chitetezo zizibwera zokha, ndiponso ngati imalola kusintha makonzedwe osadula anthu amene ali pakati pa ntchito, monga nginx -s reload imachitira. Ndipo ngati mwaikondadi pomwe ikadali ya core imodzi, simufunika kudikira eni ake: iyambitseni kanayi pa ma port osiyana, nginx ikhale kutsogolo n'kumagawa, bola zonse zofunika kukumbukiridwa zikhale mu database kapena mu Redis (pulogalamu yapadera yosungira zinthu mu RAM), osati m'mimba mwa process.

Kusamukako musakuchite pakati pa Disembala ndi Epulo masamba ali pachimake. Ikani chigamba cha ma php-cgi anayi chija, chikufikitseni miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene sikelo imapuma msanga. Linux muyiike pa SSD yatsopano, hard disk ya Windows muichotse n'kuisunga mu kabati mouma, kutali ndi chinyezi cha chiperoni, osaifufuta, kuti zikavuta mungoibwezera. Database muitulutse ndi mysqldump, ndipo musanauze makalaliki kuti ayambe, yendetsani lipoti la malipiro a mwezi wapitawo pa makina atsopanowo n'kulifanizira ndi limene munalipira nalo alimi, mlimi ndi mlimi, mpaka pa tambala.